Sindinaphe Mbande za Atsibweni

Moni kwa inu nonse atsikana anzanga amene timakumana Lachinayi kuseri kwa tchalitchi, ndi kwa inu amayi otilangiza. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Nelesi, wa cha kuno ku Nsaru, uja amakhala kumbuyo osayankha kanthu. Mwandipempha kangapo kuti ndinene zimene Mulungu anandichitira, ndipo ine ndinkangoyang'ana pansi. Lero ndazilemba, pakuti dzanja langa ndi lolimba mtima kuposa pakamwa panga. Vuto langa linali lakuti anandiletsa sukulu miyezi iwiri, ati ndinapha mbande za fodya za atsibweni.

Atate ali ku Halale chaka chachinayi tsopano, choncho wolamula za ine ndi atsibweni, alongo awo a amayi. Amalima fodya wa chikopa, ndi munthu wolimbikira ntchito, ndipo sindinganene kuti ndi woipa mtima. Ndi iwo amene anandilola kufika Sitandade 3 pamene anzanga a msinkhu wanga anasiya kalekale. M'kalasi mwathu atsikana tilimo atatu okha.

Chizungu chinkandivuta pa lilime, osati m'mutu. Ndikaimirira kuti ndiyankhe, mawu amene ndinkawadziwa bwino ankauma pakhosi, anyamata nkuyamba kuseka. Tsiku lina aphunzitsi aMbewe ananditsalitsa ena atapita, nandipatsa kope lotsala masamba ochepa. Anati ndisankhe chinthu chimodzi chamoyo, ndizichiyang'ana tsiku lililonse, ndizilemba mizere itatu m'Chizungu ya zimene maso anga aona, osati zimene ndamva kwa anthu. Ndikalemba ndiziwerenga mokweza pamalo popanda wondiseka. Mawu amene sindikuwadziwa ndizisiya mpata, mawa lake ndiziwafunsa. Pomaliza anati, "Usalumphe tsiku ngakhale limodzi. Tsiku limene walumpha ndi limene chinthu chimasinthira."

Ndinasankha nazale ya atsibweni ya kudimba, chifukwa kuthirira madzulo inali ntchito yanga kale. Munali mabedi anayi otsetserekera kumtsinje. Inu mukudziwa kuti njere ya fodya ndi yaing'ono kuposa mchenga. Chinkandizunguza mutu ndi chakuti m'kanthu kotero mungatuluke mtengo wotalika kuposa munthu. Ndinathyola kaudzu kouma koyezera, ndipo m'mene mbande yafikira ndinkalembapo ndi chikhadabo. Ndinkaikanso chikhatho pamwamba pa bedi ndi kuwerenga timbande tokwana pansi pake. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzirira mawu a Chizungu a muzu, tsinde, mthunzi ndi chinyezi, ndipo ndinkawanena mokweza chifukwa fodya saseka munthu. Ndinaikonda ntchito imeneyo kuposa m'mene ndingakuuzireni.

Popeza anandiuza kulemba zoona ndi maso, ndinkalemba zonse, ngakhale zimene sindinkadziwa ntchito yake. Tsiku lootcha mabedi ndinalemba kuti mapesi anathera pa bedi lachitatu, lachinayi la kumunsi silinapse, ndipo atsibweni anati dzuwa limaliza lokha. Tsiku lofesa ndinalemba kuti anathira tisupuni titatu ta njere pa bedi m'malo mwa kamodzi kamene mlangizi wa zaulimi amanena, chifukwa chaka chatha mbande zinawachepera. Ndinalembanso kuti udzu wophimbira unali wochindikala ngati wa padenga, poopa dzuwa la Okutobala.

Mbande zinamera zothithikana ngati ubweya. Kenaka Lachiwiri lina, nditatukula udzu pa bedi lachinayi, ndinapeza zina zitagona. Tsinde lake linali lakuda ndi lopyapyala ngati ulusi, pamalo penipeni pamene limakhudza dothi. Lachitatu malo akufawo anali ngati kukula kwa mbale, Lachisanu ngati lichero. Ndinawauza amayi, iwo nkuti za fodya ndiwasiyire eni ake. Atsibweni anali kutangwanika ndi mizere kumunda, ndipo ine ndinachita manyazi kukawaimitsa. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera.

Loweruka masiku anga a mwezi anafika. Ndinaika kamtanda m'mphepete mwa tsamba monga ndimachitira nthawi zonse.

Atsikana anzanga, tonse tinauzidwa titatha msinkhu kuti pa masiku otero sitithira mchere m'ndiwo, ndiponso sitiyandikira mbande za fodya, ati timakhala otentha ndipo zimapsa. Za mchere ndinasunga. Keni yothirira ndinawasiyira amayi. Koma kuyang'ana sindinasiye, chifukwa chinthu chinali kuchitika m'mabedi aja ndipo ndinafuna kudziwa mathero ake. Ndinkapita masana, kugwada pambali osakhudza kanthu, kulemba ndi kuwerenga. Amayi aakulu, akulu awo a amayi, anaona Lamulungu kuti ndapempha amayi kundithirira mchere. Lolemba anandipeza ndili chogwada kunazale ndikulankhula Chizungu ndekha. Anathamanga kukaitana atsibweni, ndipo atachotsa udzu anapeza kuola kwafika kale pa mabedi atatu.

Mlandu unakambidwa pansi pa mango kuseri kwa nyumba yathu. Atsibweni anakhala chapatali atatifulatira, pakuti nkhani zotere si za makutu a amuna, komabe ankamva zonse. Amayi aakulu anati sukulu yandichotsa ulemu, ndipo mwana wolankhula Chizungu ndi fodya mawa adzalankhula ndi chiyani. Akazi ena anaseka. Atsibweni anagamula ali chifulatire kuti sukulu yathera pomwepo, kope liotchedwe, ndipo ine ndigwade ndi kunena ndi pakamwa panga kuti ndine ndapha mbande. Ndikanena, anati, mwina chaka chamawa adzaganizanso za sukulu.

Amayi anandinong'oneza kuti ndingonena, mawu sathyola fupa. Ndinagwada. Ndinapepesa chifukwa chopita kumene anandiletsa, ndipo kupepesa kumeneko kunachokera mumtima. Kenaka anthu anadikira mawu otsalawo. Anadikira mpaka nkhuku zinayamba kutola pafupi ndi mawondo anga. Pakamwa panga, pamene pandichititsa manyazi masiku onse a moyo wanga, tsiku limenelo panandithandiza, chifukwa panangotsekeka. Ndinkadziwa kuti mbande zinayamba kugwa Lachiwiri, ndipo kamtanda kanga kanali pa Loweruka. Atsibweni anaimirira nkuchoka. Amayi anandilanda kope, nati akaliotcha okha.

Masabata awiri otsatira ndi amene sindifuna kuwakumbukira. M'mawa uliwonse chitsulo cha kusukulu chinkalira ine ndili ndi khasu m'mizere, ndipo ndinkadziwa kuti tsopano akufola, tsopano akuimba, tsopano atulutsa masileti. Kuchitsime akazi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Wina anandiuza kuti ndisadutse pafupi ndi maungu ake. Koma choopsa koposa sichinali chimenecho. Popanda kope, mutu wanga unayamba kugwirizana ndi anthu. Ndinkadzifunsa ngati linalidi Lachiwiri. Mwina ndinasokoneza masiku. Mwina akulu onsewa sangalakwe pamodzi, wolakwa nkukhala ine. Ndinafika poganiza zopita kwa atsibweni kukanena mawu aja kuti zingotha, ndizigona ngati anthu ena.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, ndinaika khasu pansi ndi kugwada pakati pa mizere. Sindinapemphere mawu okoma. Ndinati, Ambuye, ngati ndine ndinapha mbande zija ndionetseni, ndipo ndikanena pamaso pa onse. Koma ngati si ine, nditumizireni munthu wokhala ndi pakamwa, pakuti Inu mukudziwa kuti ine ndilibe. Palibe chimene ndinamva. Ndinatola khasu nkupitiriza kulima.

Patapita masiku atatu, tili kudimba ine ndi amayi ndi amayi aakulu tikuthyola mpiru, kunabwera mayi wina atasenza kadengu ka nandolo wouma wofuna kusinthitsa ndi ndiwo zamasamba. Anthu amamuitana amake Lute. Iye ndi amuna ake anachokera ku Mulanje, ndi matenanti pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Kwathu anthu sawawerengera matenanti, ndipo mayiyu amamuseka kalankhulidwe. Ine ndomwe ndinasekapo, Mulungu andikhululukire.

Podikira mpiru anaona mabedi akufawo. Anatula kadengu, nazula kambande kamodzi, nakayang'ana patsinde, nafinya dothi m'dzanja mpaka madzi anatuluka pakati pa zala. Anafunsa kuti ndani anafesa ngati akufesa mawere. Amayi aakulu anamuyankha mwaukali kuti si nkhani ya kafesedwe, namuuza zonse za ine, ine ndili pomwepo. Mayi uja anandiyang'ana, kenaka anaseka mpaka anagwira m'chiuno.

"Amayi, ku esiteti kwathu kunazale sikuponda mkazi. Othirira onse ndi amuna, kapitawo ali pachipata ndi ndodo. Chaka chatha mabedi a kumunsi anafa imfa yomweyi. Kodi amuna ajanso anali kumwezi?"

Amayi anga anabisa nkhope mu nsalu, mapewa akugwedezeka. Amayi aakulu anati munthu wobwera asatiphunzitse mwambo. Amake Lute anati mwambo sakuudziwa, chimene akudziwa ndi dothi, pakuti asanabwere ku esiteti imeneyi ankatunga madzi a fodya chiyambire ali mtsikana. Dothi losapsa, mbewu yothithikana ndi udzu wosalowetsa mphepo, zitatuzi zikakumana pamalo a chinyezi mbande zimaola miyendo, kaya athirire mbusa.

Zitatu zonsezo zinali m'kope langa, ndipo ine ndinazilemba osadziwa kuti ndi zapachibale. Ndinayamba kulira kuti kope lija linapsa. Amayi anandiyang'ana, nayang'ana akulu awo, kenaka anapita kumudzi. Anabwera nalo likununkha mtedza. Masiku onsewo linali mu mtsuko wa mbewu.

Nkhani inafika kwa atsibweni, ndipo anabwera kudimba komweko ndi matope m'miyendo. Amayi anandipatsa kope kuti ndiwerenge. Ndinalitsegula, zilembo nkuyamba kusambira. Amake Lute anasendera pafupi nandiuza chapansipansi kuti iye anafika kuno akudziwa Chilomwe chokha, ndipo anthu anamuseka chaka chathunthu, koma tsiku lililonse akamaliza kumuseka iye ankatsala ndi mawu amodzi atsopano, osekawo osatsala ndi kanthu. Anati chilankhulo sichilowa mwa munthu wotseka pakamwa.

Ndinawerenga. Mzere uliwonse ndinkaunena m'Chizungu, kenaka nkuumasulira m'chilankhulo chathu. Poyamba mawu ankanjenjemera, koma ndinali nditawanena kale kwa fodya, choncho ankaidziwa njira. Ndinawerenga za mapesi otha, za tisupuni titatu, za udzu, za Lachiwiri, za mbale ndi lichero. Pa Loweruka ndinangoloza kamtanda kwa amayi, iwo nkugwedeza mutu movomereza. Atsibweni ankayang'ana bedi lachinayi.

Amayi aakulu anafunsa kuti pakati pathu ndani amadziwa Chizungu, woti atsimikize kuti zimene ndikunena ndi zimene zili papepala. Funso lawo linali loona. Umboni wanga unali m'chilankhulo chimene ondiweruza sankachimva, ndipo kuitana aphunzitsi, munthu wamwamuna, pa nkhani yotere sikukanatheka. Ndiye ndinanena mawu aatali koposa onse amene ndinanenapo kwa atsibweni chibadwire.

"Atsibweni, ndipatseni bedi limodzi kumtunda. Ndizilithirira ndekha masiku onse, osapumula ngakhale limodzi. Likafa, sukulu sindidzaitchulanso."

Aliyense anamva tanthauzo la masiku onse. Amayi aakulu anagwira pakamwa. Atsibweni anayang'ananso mabedi akufawo. Mvula inali pafupi, mbande analibe pakuti bedi lotsala lija nalonso linali litaola, ndipo njere zotsala m'botolo zinali zochepa. Anati andipatsa theka la kasupuni, zotsalazo afesanso okha pamalo akale, atchinga ndi minga, ndipo mkazi aliyense asayandikire. Bedi langa likafika powokera ndibwerere kusukulu. Likafa ndidzanene mawu aja pansi pa mango.

Ndinakumba bedi langa pamalo okwera pamene madzi sakhalitsa. Masiku awiri ndinayenda m'makomo kupempha zitsononkho ndi mapesi otsala, ena akundipatsa, ena akunditsekera chitseko. Ndinaunjika mpaka m'chiuno nkuotcha, dothi linapsa mpaka kufiira. Njere ndinasakaniza ndi phulusa lambiri kuti zimwazike patalipatali. Amake Lute anabwera kamodzi kudzandionetsa kamangidwe ka kachisakasa kaudzu wopyapyala, kokwera m'mwamba kuti mvula isamenye mbewu koma mphepo izidutsa. Sanabwerenso, pakuti anali ndi munda wake. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi aphunzitsi ankandiuza masamba amene anzanga afika, ndipo ine ndinkawapatsa mipata ya m'kope kuti andidzazire. Masamba a kope atatha ndinayamba kulemba m'mphepete ndi kuchikuto, tizilembo tating'ono ngati njere zomwezo.

Masiku anga anafikanso mbande zili ndi timasamba tinayi, mvula itagwa masiku atatu otsatizana. Amayi anathira mchere madzulo amenewo, ndipo m'mawa mudzi wonse unadziwa. Ndinanyamula keni ndi kudutsa pakati pa akazi kuchitsime mutu uli chilili. 

Tsiku lachiwiri lake ndinapeza mbande zitatu zitagona pa ngodya ya kumunsi, tsinde lakuda. Ndinakhala pansi m'matope. Sindikubisirani, ndinafuna kuzizula mwakachetechete osalemba kanthu. Koma kope limene lingabise zondipweteka silikanandithandizanso pa zondikomera. Ndinalemba kuti zitatu zagwa. Kenaka ndinayang'ana bwino, ndipo ndinaona kuti pa ngodya imeneyo ndi pamene madzi a kachisakasa ankadonthera. Ndinazizula pamodzi ndi dothi lake nkukataya kutali, ndinawazapo phulusa louma, ndinakumba kangalande, ndinachotsako udzu wina, ndipo tsiku limenelo sindinathirire chifukwa dothi linali lonyowa kale. Mawa lake sipanagwe ina. Mkuja wake sipanagwe ina. Ndinapitiriza kubwera masiku anga onse mpaka anatha, ndipo sipanagwenso ina.

Kuseri kwa minga kuja, kumene sikunaponde mkazi, atsibweni ankathirira okha m'mawa ndi madzulo. Sindinkaloledwa kusuzumira, koma fungo la zoola silidziwa mpanda.

Tsiku lowokera linafika Khirisimasi itapita. Mbande zanga zinali zotalika kupitirira chikhatho, tsinde lonenepa ngati pensulo. Atsibweni anabwera m'mamawa ndi madengu awiri. Anagwada, napinda tsinde limodzi ndi chala kuti aone ngati lithyoka, ndipo linadzuka. Anayenda kuzungulira bedi lonse kawiri. Sanandiyang'ane. Anatembenukira kwa amayi nati, "Kodi mwanayu sileti yake ili kuti?"

Ndiko kunali kugamula konse. Tinazula mbande tsiku lonse, ndipo ine ndinapempha lichero limodzi, nkulisenza kuoloka dambo kukapereka kwa amake Lute. Anati ndamulipira mopitirira, pakuti iye anangoseka basi.

Musaganize kuti zonse zinasanduka uchi. Fodya wa chaka chino ndi wochepa, chifukwa tinawokera mochedwa ndipo bedi limodzi silidzaza munda. Atsibweni amauza anzawo kuti chinathandiza ndi phulusa, ndipo ine sinditsutsa, pakuti phulusa linathandizadi. Amayi aakulu amati Mulungu anangondimvera chisoni, ndipo nawonso sindiwatsutsa. Kusukulu ndatsalira pa masamu, mayeso a Sitandade 3 ali patsogolo, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakhoza. Koma ndikaimirira m'kalasi tsopano ndimayankha. Anyamata amasekabe nthawi zina, ine nkutsala ndi mawu anga amodzi. Mchere sindithirabe pa masiku anga. Za mchere sindinayese, ndiye sindinenapo kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakoma la m'mizere. Ndinapempha munthu wa pakamwa, ndipo Iye anatuma uja amene pakamwa pake tonse tinkapaseka. Ndikuthokoza amayi chifukwa cha mtsuko wa mtedza, aphunzitsi chifukwa cha kope, ndi atsibweni chifukwa anasunga mawu awo ngakhale zinawawawa.

Kwa inu anzanga amene muli pasukulu movutikira ngati ine, sindikukuuzani kuti muzinyoza akulu. Pamene mwalakwa gwadani msanga. Koma pezani kope, ngakhale la masamba asanu. Sankhani chinthu chimodzi, kaya ndi nyemba m'chitini, kaya ndi chisa cha mpheta, muzichiyang'ana tsiku ndi tsiku ndi kulemba zimene mwaona, zokoma ndi zowawa zomwe. Ziwerengeni mokweza ngakhale womvera akhale mbuzi. Lidzafika tsiku limene anthu onse adzanena china, mutu wanu nawo nkuyamba kuwavomera, ndipo tsamba lija lokha ndi limene lidzakumbukire kuti linali Lachiwiri. Pa tsiku limenelo limbikani, pempherani, ndipo musanyoze amene Ambuye angamutume.

Mundipempherere pa mayeso akubwerawa. Pansi pa mango paja ndimadutsapo tsiku lililonse ndi sileti m'manja. Mawu amene anthu anawadikira pamenepo sindinawanene, ndipo sindidzawanena, chifukwa sindinaphe mbande za atsibweni. Ambuye alemekezeke. Amen.